Tsiku Limene Munsi Unataya Dzina

Liwu loyamba kuwathawa agogo aja linali "munsi". Anaugwira m'manja, nauyang'anitsitsa, n'kuutcha "chija chosinjira". Kenako linathawa "lichero", kenako "chipande", ndipo pomaliza dzina la mdzukulu amene anamulera okha. M'mudzimo nthendayi inalibe dzina. Ena ankati ndi ukalamba chabe, ena misala. Atawapeza usiku wina akuzungulira pabwalo la eni, anthu anayamba kunong'onezana liwu loopsa kuposa onsewo: ufiti.

Mdzukuluyo anawatengera kuchipatala. Kumeneko anawafunsa kuti chino n'chaka chanji, nawauza kuti achotsere 7 pa 100 mobwerezabwereza. Agogowo sanapondeko m'kalasi, ndipo zaka amaziwerenga ndi njala ya 1949. Analephera ndithu. Koma cholephera chinali ubongo wawo, kapena mafunso obadwira m'Chingerezi ovekedwa Chichewa?

Apa m'pamene kafukufuku wa maso amakopa mtima, pakuti diso siliyankha m'chinenero chilichonse. Kuseri kwake kuli kachikopa kopyapyala kolandira kuwala, kamene madokotala amakatcha retina. Mwana akamaumbika m'mimba, kachikopaka kamaphuka kuchokera ku ubongo, kotero woyang'ana m'diso amaona minyewa ya ubongo popanda kung'amba mutu. Makina a OCT, amene analengezedwa mu 1991, amajambula magawo ake ndi kuwala m'kanthawi kochepa. Mu 2018, ofufuza a ku Britain, poona anthu oposa 30,000 a mu UK Biobank, anapeza kuti amene minyewa yawo ya m'diso inali yopyapyala sankakhoza bwino mayeso a kukumbukira ndi kuganiza. Ku London, kafukufuku wa AlzEye wa chipatala cha Moorfields akulumikiza zithunzi za maso a odwala oposa 350,000 ndi mbiri ya matenda awo.

Nzeruyi si yachilendo kwathu kuno. Ku Blantyre, m'zaka za m'ma 1990, Susan Lewallen ndi anzake anafotokoza zizindikiro za m'diso mwa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo, ndipo diso linathandiza kusiyanitsa malungo enieni ndi matenda ena ofanana nawo.

Komabe chithunzi si ula. Kusiyanako n'kochepa kwambiri, kumaoneka poyerekeza anthu zikwizikwi osati pa munthu mmodzi, ndipo matenda a shuga ndi glaucoma nawonso amapyapyaza minyewa yomweyo. Ngakhale makinawo atafika paboma, sangabweze "munsi" pakamwa pa agogo. Chimene mdzukuluyo ankalakalaka chinali chochepa: pepala loti akaonetse kwa amfumu, losonyeza kuti m'thupimu muli nthenda.

Madzulo ake anawasambitsa, nawakhazika pamphasa. Atawerama kuwapukuta kumaso, anadziona yekha, wamng'onong'ono, m'mwana wa diso lawo. Agogowo anamwetulira mwaulemu ngati alandira mlendo.

"Kodi inu mayi, kwanu n'kuti?"