Funso la Mwana pa Nyanja ya Itasca

Ngakhale ndiri mkulu wa sukulu, phunziro la maiko sindinalisiye. Tsiku lina, tiri pa mtsinje wa Mississippi, mnyamata wina anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi eni dzikolo sanadziwe kocokera madzi ao kufikira Mzungu atabwera?" Ndinacita manyazi posowa yankho, ndipo usiku womwewo ndinatsegula mabuku.

Gwero lace liri kumpoto kwa Minnesota, m'nkhalango za paini zodzala ndi timanyanja. Henry Schoolcraft anafikako m'caka ca 1832, koma womtsogolera anali Ozawindib, wa mtundu wa Ojibwe, wodziwa njira zonse za mabwato. Nyanjayo inali nalo kale dzina. Schoolcraft anapeka lina la mau a Cilatini, ndilo Itasca.

Mu 1836 kunafika Mfalansa, Joseph Nicollet. Iyeyu anayesa msinkhu wa mitunda, nalondola timitsinje tothira m'nyanjamo, ndipo pa mapu ace a 1843 anasungapo maina ambiri a eni dziko. Ameneyu ndimlemekeza koposa mnzace uja.

M'mawa mwace ndinapatsa mnyamatayo coko, nalemba yekha dzina la Ozawindib pabolodi.