Malipiro anga pa msewu wa ku Edingeni

Kuno ku Edingeni, kwawo kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, tsiku la malipiro ndi tsiku la ulendo. Mabanki ali ku Mzimba boma, ndiye timadzuka mbandakucha kukadikira matola.

Ndalamazo ndimakazipeza zitadulidwa kale. Malamulo a mu 2024 anati K150,000 yoyamba isamadulidwe msonkho wa PAYE, koma pa K350,000 yotsatira a MRA azitengapo K25 pa K100 iliyonse. Umenewu sindiudandaula kwambiri. Umalembedwa poyera, ndipo malipiro athu aphunzitsife amachokera momwemo.

Wondipweteka ndi wosaonekawu. Pa mtengo wa mafuta pali ndalama yokonzera misewu, ndipo dalaivala amaitenga kwa ine. Pa mayunitsi a foni pali VAT. Mayi wa tomato pamsika amadula chiphaso cha khonsolo, nayenso amangochepetsa mulu (sindiwada, ali ndi ana).

Pobwerera, titathithikana kumbuyo kwa lole, nsidze zili mbuu ndi fumbi, ndimawerengera zotsala chamumtima. Ya misewu ija ndalipira popita ndi pobwera, koma dzinja likafika matayala amatitimirabe m'matope, ndipo dalaivala amakwezanso mtengo.