Zala Zimaiwala Mochedwa

Mu Juni ndi Julayi kuno ku Lichinga kumazizira moti m'mawa zala zimachita kuuma pa kiyibodi. Unali m'mawa wotero pamene kompyuta yanga yakale inazima osayakanso, patebulo pali ndondomeko ya mwambo wa maliro yofunika madzulo omwewo. Kashopu kanga kali ku Sanjala. Ndimakonza makadi a ukwati, makalendala ndi timabuku ta nyimbo za kwaya, zina m'Chipwitikizi, zina m'Chinyanja kapena m'Chiyao. Kwa zaka zambiri zonsezi ndinkaziyalira mu PageMaker.

Pulogalamuyi inatuluka mu 1985 ku kampani ya Aldus, ndipo ndi imene inazoloweretsa anthu kuyala masamba a buku pa kompyuta ya patebulo. Adobe inagula Aldus mu 1994, mu 1999 nkutulutsa InDesign. PageMaker 7 ya mu 2001 inakhala chitsiriziro. Mbiriyi ndinkaidziwa bwino, koma ndinkangoti khasu likulima, ndilitayirenji?

Kompyuta yatsopano inakana PageMaker. Mwana wa mlongo wanga anandiikira InDesign, nati, "Malume, musaope, ndi nyumba yomweyo, angosuntha zitseko." Ananena zoona, koma m'nyumba yotero usiku umagunda khoma. Ntchito ya mphindi makumi awiri inanditengera masana onse. Zala zinkathamangira kumene zinazolowera, osapezako kanthu. Ndinachita manyazi kufunsa mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kugwira mausi, mpaka ndinakumbuka zimene zinamuchitikira safunsa uja.

Masiku amenewo anandionetsa kuti zambiri zimene ndinkazitcha luso zinali chizolowezi cha zala basi. Luso lenileni linasamuka nane osavuta: kudziwa kuti dzina la malemu lisadulidwe pakati pa mzere, kuti agogo a m'kwaya amafuna zilembo zikuluzikulu chifukwa m'tchalitchi simuwala, kuti chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp chimaoneka bwino pafoni koma nkutuluka mbuu papepala. Zimenezi sindinazipeze m'pulogalamu iliyonse. Anandiphunzitsa ndi makasitomala obweza ntchito.

Chimene chinandigonjetsa mtima ndi kachilembo kamodzi, ŵ. Ambiri masiku ano timangolemba w, koma alipo akuluakulu ampingo amene safuna kuona "Malaŵi" kapena "kudziŵa" popanda kachipewa kake. PageMaker sinkadziwa Unicode, njira imene imapatsa chilembo chilichonse cha chinenero chilichonse nambala yakeyake. Zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi ç zinkalowa bwinobwino, koma ŵ ayi. Ndinkachita kutenga kachipewako padera nkukakankhira pamwamba pa w, ndipo mzere ukasuntha kankatsala kokha m'malere. Mu InDesign ndinangolemba, chilembocho nkukhala. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti chinenero chathu ndicho chovuta, chikhalirecho chida changa sichinapangidwe ndi ife m'maganizo.

Kuchedwa kwanga kunandilipitsa pa mafayilo akale. InDesign ya masiku ano sitsegula mafayilo a PageMaker. Mayi wina anabwera kudzafuna kabuku ka nyimbo kamene ndinawakonzera kalekale, kuti tingowonjezeramo ziwiri. Fayilo inalipo, koma ngati nkhokwe yodzaza imene ilibe khomo. Ndinalembanso nyimbo zonse kuchokera pa kabuku kong'ambika kamene anabwera nako m'chikwama. Sindinawalipiritse. Kulakwa kunali kwanga: ndinatsekera mawu a anthu m'nyumba ya eni.

Nchifukwa chake InDesign ndimaigwiritsa ntchito koma sindinaikwatire. Kuyambira 2013 Adobe inasiya kutulutsa InDesign yatsopano yogula kamodzi, tsopano ndi lendi ya mwezi ndi mwezi. Kwa munthu wolandira ma metikali a makadi a ukwati, amene amachuluka nyengo ina nkusowa nyengo ina, lendi yotero imaluma. Anzathu ambiri osindikiza amadalira CorelDRAW. Ine ndayamba kuphunzira Scribus, yomwe ndi yaulere, Loweruka masana ntchito ikachepa, osadikira kuti kompyuta ifenso. Ndipo ntchito iliyonse ndikamaliza ndimasunga zitatu: fayilo yake, PDF, ndi mawu okhaokha amene pulogalamu iliyonse ingawerenge.

Zala zanga nthawi zina zimalowerabe ku zitseko zakale, makamaka m'mawa kukazizira. Mwana wa mlongo wanga akaona amaseka. Ndimamusiya aseke, chifukwa tsiku lina InDesign yakeyo adzaisiya kupanga, ndipo padzabwera mayi wina ndi kabuku kong'ambika m'chikwama. Chimene ndikufuna kumusiyira nchakuti tsiku limenelo nyimbo za mayiyo zidzatseguke, ŵ aliyense atavala chipewa chake.