MADZI A KU SENGA BAY ACOKERA KUMAPIRI

Inu amene mumatunga madzi m'nyanja kwa Maganga, ku Senga Bay kapena ku Cipoka, tiyeni tiyende ulendo wa kumtunda kuti mukaone kumene madzi anuwo acokera.

Poyamba imani pa mlatho wa Linthipe, pa mseu wocokera ku Salima kunka ku Cipoka. Mukafikapo mwezi wa August mudzapeza madzi oyera, amai alikucapa, ana alikusamba. Koma bweraninso mu January mvula itagwa kumtunda. Madzi ali psuu ngati a m'nkhuti youmbira njerwa. Tungani m'botolo, muwakhazike usiku umodzi, ndipo m'mawa mudzaona matope atadikha pansi. Matopewo ndiyo nthaka ya m'mapiri ndi ya m'minda ya anzanu. Linthipe aisenza kufikira kumathiriro ake, pafupi ndi zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Kumeneko matope akwirira ndere za pamiyala zimene mbuna zimadya, ngakhale zilumbazo ziri zosungidwa ndi Boma ciyambire 1980. Mai amene atunga madzi otere ayenera kuwasefa ndi kuwaphitsa, ndipo nkhuni zophitsira nazonso zasowa.

Tsopano kwerani motsata mtsinje. Mudzafika ku nkhalango ziwiri za Boma zoyandikana: Thuma, imene inapatulidwa caka ca 1926, ndi ya Dedza-Salima. Muno muli misuku, mombo ndi nsungwi zambiri, muli njobvu ndi njati, ndipo m'malire anamanga mpanda wa magetsi kuti njobvuzo zisamadye cimanga ca anthu. Koma ife sitinadzere njobvu. Weramani, mufukule masamba ofota pansi pa mtengo. Nthaka yace njakuda ndi yofewa. Mvula ikagwa pamenepa ilowa pansi, nituruka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'cirimwe. Pitani pamtsetse pamene anadula mitengo naocha makala, kapena pamene panapita moto wolusa wa osaka mbewa. Apa mvula igwera pagwa, nithamanga tsiku lomwelo, itatenga dothi. Ndico cifukwa cace alonda a nkhalango amalambula njira zocinga moto, naletsa nkhwangwa popanda cilolezo. Ena amati alondawo ngankhanza. Koma mlonda wa ku Thuma alondera mtsuko wa mai wa kunyanja amene sanamuonepo nkhope.

Ulendo sunathe. Mtsinje wa Lilongwe, umene uthira mu Linthipe m'boma lomweli la Salima, ucokera kutali ku Dzalanyama, nkhalango ya Boma ya caka ca 1922. Mzinda wa Lilongwe umamwa mtsinje umenewu pa madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo mzinda womwewo ndiwo unagula makala a ku Dzalanyama, kufikira kuti mu 2015 Boma linatumizako asilikari kukalonda mitengo.

Potsiriza tsikiraninso kunyanja, ku Lifuwu, pa gombe la Leopard Bay. Mu 2016 kunapangidwa pangano lakuti madzi apopedwe kucokera pamenepa kukwera phiri kunka ku Lilongwe, mtunda wa makilomita ngati 120. Tsiku limene mipopeyo idzatseguka, a mumzinda adzayamba kumwera mtsuko umodzi ndi inu, m'nyanja momwe dothi la ku Dzalanyama limathera.