Tonse m'dziko muno tingakhale m'magulu a anthu 42

Kalembera wa 2017 adapeza kuti m'Mozambiki muno tilimo anthu 27.909.798. Kuno ku Kalomwe timadula nambala yotere ndi madontho, pomwe anzathu a ku Dedza amaika mipatuliro, koma nambala ndi yomweyo. Ana anga amaitchula bwino m'Chipwitikizi. Ndikawafunsa ngati anthu onsewa angakhale atatuatatu popanda wotsala, ochenjera amathamangira lamulo la m'buku: phatikiza manambala ake. 2, 7, 9, 0, 9, 7, 9 ndi 8 zikupereka 51, ndipo 51 igawika ndi 3. Akhoza. Koma funsani chifukwa chake, kalasi yonse zii.

Ine ndimafotokoza ndi kachewere. Mbatata 10 mukagawira anthu atatu, aliyense atenga zitatu, imodzi itsala. Pa 100, aliyense atenga 33, imodzi itsala. Pa 1000, chimodzimodzi. Ndiye milu isanu ndi iwiri ya mazana isiya mbatata 7, milu isanu ndi inayi ya makumi isiya 9. Zimene timaphatikiza zija ndi zotsalazo basi.

Aphunzitsi anzanga, apa mpamene pagona nkhani. Mwana woloweza lamulo osalimvetsa amalitengera kulikonse. Mufunseni za 7: aona kuti 51 sigawika ndi 7, alemba kuti ayi, wataya malikisi. Chonsecho 7 imalowa ndithu. Kungoti mbatata 10 pa anthu 7 zimatsala zitatu, osati imodzi, choncho lamulo lija silifikako.

Njira ya 7 ndi ina, ndipo ndimaikonda kuposa yoyambayo. 1001 igawika ndi 7, kutanthauza kuti chikwi chilichonse chimaperewera imodzi. 999.999 nayonso igawika ndi 7, ndiye miliyoni iliyonse imasiya imodzi. Tengani zigawo zitatu zodulidwa ndi madontho zija. Zotsala ndi 27 ya mamiliyoni kuphatikiza 798 ya kumapeto, zonse 825. Zoperewera ndi 909. Kusiyana kwake ndi 84, ndipo 84 ndi 7 kuchulukitsa ndi 12. Bwinonso, 1001 ndi 7 × 11 × 13, kotero 84 yomweyo ikutiuza kuti 11 ndi 13 sizilowamo.

Nambala yathu ikuthera ndi 8, ndiye 2 ilowanso. 2 × 3 × 7 ndi 42: magulu 664.519 a anthu 42, osatsala ndi khanda lomwe.

Makolo, yesani ndi ana anu madzulo ano nambala ya kalembera wa Malawi wa 2018, anthu 17.563.749. Ikuthera ndi 9, choncho 2 ikana. Manambala ake akupereka 42. Ndipo 17 kuphatikiza 749, kuchotsapo 563, ndi 203. Muwasiye anawo apeze okha kuti 7 ikulowa kangati mu 203.