Kujambula Nyali ya ku Cape Agulhas

Anthu ambiri amaganiza kuti Africa imathera ku Cape Point, pafupi ndi mzinda wa Cape Town. Koma nsonga yeniyeni ya kumwera ili kutsogolo, pamalo otchedwa Cape Agulhas, ulendo wa makilomita pafupifupi 220 kuchokera mumzindawo. Msewu wake umadutsa m'minda ya tirigu ndi mabusa a nkhosa kukafika ku Bredasdorp, kenako ku Struisbaai, n'kukathera pa kamudzi ka L'Agulhas. Wofuna mapiri ndi zigwembe angakhumudwe nako. Dziko limangotsetsereka pang'onopang'ono mpaka kusanduka miyala yosongoka imene mafunde amaiomba usana ndi usiku. Chimene chimakopa maso ndi nsanja ya nyali yopakidwa mizere yofiira ndi yoyera, yotalika mamita 27.

Nsanjayi sanaimangire kukongoletsa malo. Madzi ofunda otsika kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa amakumana kuno ndi mphepo komanso mafunde ochokera kunyanja zozizira za kumwera, ndipo pansi pa nyanja m'posaya. Zombo zambiri zinasweka m'derali. Mu 1815 chombo cha Arniston chinagunda miyala chakum'mawa kwa nsongayi, woyendetsa akuganiza kuti wadutsa kale Cape Town. Anthu 372 anafa, ndipo asanu ndi mmodzi okha ndi amene anapulumuka. Nyali ya ku Agulhas inayaka koyamba pa 1 Malichi 1849. Amene anakonza pulani yake, Charles Michell, anatengera maonekedwe a nsanja yakalekale ya ku Alexandria, ku Egypt. Poyamba ankayatsira mafuta a mchira wa nkhosa! Mu 1968 anaisiya chifukwa miyala ya makoma ake inali itayamba kufumbutuka, koma anthu a m'deralo sanalole kuti igwe. Itakonzedwa, inayambanso kuwala mu 1988.

Masana mukhoza kukwera masitepe ake 71, omwe ena ndi makwerero otsetsereka kwambiri moti agogo ndi ana aang'ono ndi bwino angodikira pansi. Komabe chithunzi cha masana chimangoonetsa nyumba. Ntchito ya nsanjayi imaoneka dzuwa likalowa, ndipo kuijambula nthawi imeneyo kumafuna njira ina.

Kamera ili ndi kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Kukachita mdima, kuwala kolowa pa kanthawi kotero n'kochepa zedi, choncho wojambula amasiya kachitsekoko kali kotsegula kwa masekondi 10, 20 kapena 30. Chilichonse chokhazikika chimatuluka bwinobwino: nsanja, miyala, mpanda. Chilichonse choyenda chimafufutika. Mafunde amene m'makutu mwanu akuchita mkokomo amatuluka pachithunzi ngati nkhungu ya m'mawa yogona pamiyala, mitambo n'kukhala ngati yakokedwa ndi chipeso. Diso la munthu silinaonepo nyanja yotero, chifukwa chithunzicho chasonkhanitsa theka la mphindi pamalo amodzi.

Vuto lili pa nyaliyo. Galasi lake limazungulira, ndipo amene ali panyanja amaona kuwala kukuthwanima kamodzi pa masekondi 5 alionse. Kuthwanima kumeneku ndiko dzina la nsanjayi kwa oyendetsa zombo, pakuti iliyonse m'mbali mwa gombe ili ndi kathwanimidwe kake. Mukatsegula kamera kwa masekondi 30, kuwalako kumadutsa kasanu ndi kamodzi, ndipo m'malo mwa mizere yowala yolasa mumdima mumapeza chiphadzuwa choyera pamutu pa nsanja. Kuti mizereyo ioneke payokhapayokha pamafunika sekondi imodzi kapena kucheperapo, nambala ya ISO yokwera, ndiponso kankhungu mumlengalenga koti kuwalako kugwirepo. Koma pa sekondi imodzi madzi sasalala. Simungapeze zonse ziwiri pa chithunzi chimodzi, muyenera kusankha. Ena amajambula kawiri n'kukaphatikiza pakompyuta. Ine ndimakonda chithunzi chimodzi chojambulidwa nthawi imodzi, ngakhale nyali itaoneka yoyererako, chifukwa chimanena zimene zinalipo madzulo amenewo.

Nthawi yabwino ndi yaifupi, kuyambira mphindi 20 mpaka 40 dzuwa litalowa, pamene kumwamba kukadali kobiriwira ndipo mizere yofiira ya nsanja ikuonekabe. Mukachedwa, nsanja imamira mumdima n'kutsala nyali yokha. Yambani ndi ISO 100, khomo la galasi pa f/8 kapena f/11, ndi masekondi 15, kenako muziwonjezera nthawi pamene mdima ukukula. Lozetsani galasi pa nsanja ndi dzanja kukadawala, chifukwa kamera ikasiyidwa kuti idzipezere yokha mumdima imangosakasaka. Mafoni ambiri a masiku ano ali ndi malo osinthira zimenezi, ndipo amachita bwino ndithu akakhazikika.

Kukhazikikako ndiye nkhani. Ku Agulhas mphepo siisowa. Choimikapo kamera cha miyendo itatu chiyenera kutsitsidwa pansi, miyendo yake itakanikizidwa m'ming'alu ya miyala. Lamba wa kamera muchotseni, chifukwa akamakupizika amagwedeza chithunzi chonse. Musadine batani n'kujambula pomwepo: ikani kuti kamera idikire masekondi awiri dzanja lanu litachoka. Imani mbali imene kukuchokera mphepo kuti thupi lanu likhale chotchinga. Ndipo khalani ndi kansalu kofewa m'thumba, pakuti mchere wouluka ndi mphepo umamata pagalasi musanazindikire, nyali n'kumaoneka ngati yapakidwa mafuta.

Amene tinakulira pafupi ndi nyanja ya Malawi tiyenera kuphunzira chinthu china. Nyanja yathu ikakwera imakwera ndi nyengo, koma nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, maola pafupifupi asanu ndi limodzi kudzaza, enanso otero kuphwa. Mwala umene munaimapo uli wouma dzuwa likulowa ukhoza kuzunguliridwa ndi madzi pamene mukujambula chithunzi chakhumi. Munthu woyang'ana pa kagalasi ka kamera, akuwerenga masekondi, saona funde lalikulu likubwera. Funsani nthawi ya kudzaza kwa nyanja musanatsike, musaifulatire, ndipo musapite nokha. Mnzanuyo ntchito yake ikhale yoyang'ana madzi. Valani nsapato zogwira pansi ndi chovala champhepo ngakhale m'chilimwe, ndipo ana akhale panjira ya matabwa imene inamangidwa m'mbali mwa gombe.

Njira imeneyo imakufikitsani, patadutsa kilomita imodzi, pa chipilala chosonyeza malire a nyanja za Atlantic ndi Indian. Madzi ake sasiyana mtundu. Malirewo ndi ogwirizana anthu olemba mapu. Mukapitirira chakumadzulo mupeza chitsulo chadzimbiri chili pamiyala, chotsalira cha Meisho Maru No. 38, chombo chophera nsomba cha ku Japan chimene chinatsakamira pamenepo mu 1982. Onse amene anali m'katimo anafika kumtunda amoyo. Chitsulocho chimajambulika bwino ndi masekondi 20 kapena 30, madzi akuchita utsi mochizungulira, koma nyanja ikuchidya chaka ndi chaka. Pobwerera muyatse tochi, chifukwa nyali ya nsanja imaloza kutali panyanja ndipo siunikira pamene mukuponda.