Mlandu Ukasowa Mwini Umagwera Wamasiye

Amai anzanga, dzina la Msundwe lidamveka dziko lonse pa 8 October 2019. Tsikulo anthu adatseka msewu wa ku Mchinji pa mkangano wa chisankho, ndipo mkulu wina wa apolisi, Superintendent Usumani Imedi, adaphedwa pogendedwa miyala. Zitatero, apolisi ena adalowa m'nyumba ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu nagwirira amai ndi atsikana. Bungwe la Malawi Human Rights Commission lidachitira umboni za nkhanzazi mu December 2019, ndipo mu August 2020 Justice Kenyatta Nyirenda wa Bwalo Lalikulu adalamula kuti amai 18 apatsidwe chipepeso.

Chipepeso nchabwino ndithu. Koma ife a kuno tidaphunzirapo kuti mtima supola wolakwa asanalozedwe chala. Funso loti "wachita ndani?" likasowa yankho limayendayenda m'mudzi kufuna pogwera, ndipo kawirikawiri limagwera mkazi.

Izi ndidaziona pa mng'ono wanga amene adakwatiwa chitengwa. Mwamuna wake, wogula ndi kugulitsa mtedza, adapezeka atafa m'dambo, njinga ndi ndalama palibe. Womupha sadadziwike kufikira lero. Pofika tsiku lomsudzula, alamu ake adaimirira nati mwana wotsiriza, khanda la kubere, sadafanane ndi malemu. Kapenatu pali chibwenzi, ndipo chibwenzicho ndicho chidapha mbale wao. Adafuna kuti mwana akayezedwe magazi. Koma tonse tinkaona kumene maso ao adaloza: nyumba ya malata, ng'ombe ziwiri ndi ngolo.

Usiku umenewo mng'ono wanga adandifunsa akulira, nati, "Akulu, kodi ndilire maliro kapena ndiyankhe mlandu?"

Atsibweni athu, eni mbumba, sadakane. Adati, "Chabwino, mwana ayezedwe, koma nkhani ipite ku bwalo la milandu. Wokayika ndiye alipire, ndipo akapezeka wonama adzapepese pamaso pa amfumu." Alamu aja adangoti zii, osabweranso. Katundu adatsala ndi ana, koma mau aja sadabwezedwe. Mwanayo tsopano ali pa sukulu, ndipo anzake akamuyamba amamfunsa kuti atate ake enieni ndani.

Tsono tidziwe izi. Kuyeza kumene amati DNA si ufiti ai. Mwana aliyense amatenga theka kwa mai, theka kwa bambo. Bambo akamwalira, angathe kuyeza makolo ake kapena abale ake a bere limodzi, ngakhale umboni wotere sulimba monga wa mwini wake. Lamulo la chaka cha 2010 loteteza ana limapatsa bwalo mphamvu yogamula za amene adabala mwana. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limaika mkazi ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa wamasiye ndi mlandu. Motero mkazi woona mtima asaope kuyeza. Chimene ayenera kukana ndicho kuweruzidwa pa bwalo la maliro ndi anthu amene akufuna ng'ombe.

Komabe magazi amayankha funso limodzi lokha, la amene adabala. Sangatiuze amene adapha. Banja limene lisokoneza mafunso awiriwa limaika m'manda anthu awiri, malemu ndi mkazi wake wamoyo, pamene wakuphayo akudya nsima mwamtendere.

Ife a Chichewa timati mwana ngwa mbumba ya mai ake. Nanga bwanji timakumbukira magazi a bambo pokhapokha pakaoneka chuma?

Amai anzanga, lembetsani ana akangobadwa, dzina la atate ao lilembedwe eni ake ali moyo. Limbikitsani abambo kunyumba kulemba wilo. Ndipo inu apongozi ndi alamu, mkwiyo wanu upite nao kwa ofufuza, muwakumbutse kosalekeza, pakuti mlandu suola. Khanda lisasenze mlandu wa chigawenga.